Chaka choyamba cha maphunziro a kompyuta: tikonze pati kuti ana a ku Chigwa cha Shire asamathawe?

Alufandika (Ngabu):
Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani yofuna mitu ingapo. Mwana wa kuno ku Chikwawa kapena ku Nsanje akasankhidwa kukaphunzira za kompyuta, kaya ku MUST ku Thyolo, ku MUBAS, ku UNIMA kapena ku Mzuni, nthawi zambiri amakafika asanakhudzeko kiyibodi. Computer Studies ilipo pa MSCE, koma ndi phunziro losankha, ndipo CDSS yopanda magetsi ingaliphunzitse bwanji? Tsiku loyamba lomwelo akukhala benchi imodzi ndi mnzake amene wakula ndi laputopu m'nyumba. Ikamatha semesita, wina ali pa sapu, wina akupempha kusintha kosi, wina wangoti zii kudikira kuwidwa. Tiyerekeze kuti atiitana kukaunika silabasi. Tisinthe chiyani, ndipo tiyambe ndi chiti? Ndikufuna zogwirika, osati zoti "boma lichitepo kanthu".

Mayi Nachuma (Nchalo):
Choyamba tichotse maganizo oti vuto ndi mitu ya ana athu. Mu 2007 Bennedsen ndi Caspersen a ku Denmark anafunsa mayunivesite a m'maiko osiyanasiyana, napeza kuti pafupifupi mmodzi mwa ophunzira atatu alionse amalephera kosi yoyamba yolemba mapulogalamu. Mu 2014 Watson ndi Li anaunikanso nkhaniyi mwa njira ina, zotsatira zake n'kufanana. Ambiri mwa maikowo magetsi sathimathima. Ndiye kuti msampha uli mu kosi momwemo.

Phunziroli ndi losanjikizana ngati njerwa: variable, kenako if, kenako loop, list, function. Pa History ukaphonya mutu umodzi, wotsatira umaumvabe. Apa ukaphonya loop sabata yachinayi, pofika yachisanu ndi chimodzi ukungoona zilembo pa bolodi. Komanso mwana wathuyu akulimbana ndi zinthu zinayi pakamodzi: kusaka zilembo pa kiyibodi, kudziwa komwe fayilo yapita ataisunga, Chingerezi cha uthenga wofiira uja wonena kuti walakwitsa, ndiye maganizo a pulogalamuyo. Mnzake uja akulimbana ndi chachinayi chokha.

Ine ndikuti agaweni. Harvey Mudd College ku California inachita zimenezi cha m'ma 2006: kosi yoyamba inagawidwa potengera ngati munthu analembapo pulogalamu kapena ayi, ndipo pa chilankhulo cholembera mapulogalamu anasiya Java n'kuyamba ndi Python. Atsikana osankha computer science kumeneko anachoka pa 10 mwa 100 alionse kufika cha m'ma 40 m'zaka zochepa.

Zuze (Nsanje):
Mayi, kugawako ndikukumva, koma kuno kwathu zimenezo zidzatchedwa "kalasi ya madolo" ndi "kalasi ya mbuli" tsiku loyamba lomwelo. Ndipo mukudziwa kale kalasi imene ana a ku Makhanga ndi ku Muona adzathere.

Mayi Nachuma (Nchalo):
N'chifukwa chake sagawa ndi mapointi a MSCE, achimwene. Mwana wa mapointi 9 akhoza kukhala asanayatsepo kompyuta. Mumagawa ndi pepala la mafunso la mphindi 20: unalembapo pulogalamu? uli ndi kompyuta kunyumba? nanga mizere isanu iyi itulutsa chiyani? Magulu onse awiri amamaliza ndi mayeso amodzi ndi maphunziro ofanana pa transcript. Kusiyana kwake n'kwakuti osadziwa amapatsidwa labu yowonjezera ya maola awiri pa sabata, odziwa amapatsidwa ntchito zovutirapo kuti asamanyong'onyeke. Ku Harvey Mudd maina a magulu anangotenga mitundu ya sukulu, Gold ndi Black, ndipo Gold anapatsa oyamba kumene. Ife tingati gulu la Ruo ndi gulu la Mwanza, basi.

Chimene kugawaku kumachiza kwenikweni ndi mnyamata uja wokhala kutsogolo, wofunsa mafunso ongofuna kuonetsa kuti amadziwa Linux. Akafunsa kawiri, ana makumi atatu akumbuyo amagamula mumtima kuti alowa malo olakwika.

Bambo Thomu (Bangula):
Ine Python yanuyo ndiye ndikuikana, ana aziyamba ndi chilankhulo cha C. Mwana akayamba ndi Python saona memory, sadziwa pointer, sadziwa kuti integer ili ndi malire. Akafika pa Data Structures ndi Operating Systems amagwa chagada. Mukungosuntha maliro kuchoka chaka choyamba kupita chachiwiri. Ndiponso tisanamizane, wothawa masamu alibe malo mu computer science. Tikafewetsa silabasi kuti tisunge anthu, tidzatulutsa ma digiri oti mabanki ndi makampani a mafoni sadzawalemba ntchito.

Esnart (Chikwawa):
Bambo Thomu, palibe akunena zochotsa C. Tikukangana za nthawi yake. Taonani pulogalamu yongolemba moni mu Java yachikale: mwana ayenera kulemba public, class, static, void, String, zonsezo aphunzitsi akumuuza kuti "ingokopera, udzamva m'tsogolo". Ndiye mwamuphunzitsa sabata yoyamba kuti kompyuta ndi zamatsenga zongoloweza. C ibwere semesita yachitatu limodzi ndi kakompyuta kakang'ono ka bolodi limodzi, Arduino kapena ESP32, m'manja, pamene memory yochepa ikumuluma yekha. Pointer imamveka bwino ukaifuna.

Koma chilankhulo si nkhani yaikulu. Nkhani ndi yakuti timawauza ana kulemba asanadziwe kuwerenga. Ku pulayimale sitiyamba ndi kulembetsa chimangirizo. Pali njira yotchedwa PRIMM, ya Sue Sentance ndi anzake ku England: lotera, yendetsa, fufuza, sintha, kenako panga yako. Tengani mvula ya masiku asanu, mu mamilimita:

mvula = [0, 12, 48, 95, 30]
zonse = 0
for tsiku in mvula:
    zonse = zonse + tsiku
print(zonse)

Kompyuta isanayatsidwe, awiriawiri alembe pa pepala chimene ituluke. Akayendetsa aona 185. Kenako ajambule tebulo la mizere iwiri, tsiku ndi zonse, alembe mmene nambala zikusinthira ulendo uliwonse: 0, 12, 60, 155, 185. Ndiye muwauze alowetse mzere wa zonse = 0 mkati mwa loop, pamwamba pa kuphatikizako. Ituluka 30. Afotokoze chifukwa chake. Akatha apo asinthe kuti iwerenge masiku amene mvula yaposa 40, yankho 2. Kulemba yawoyawo kumabwera kumapeto.

Pamene ambiri amakakamira ndi pa zonse = zonse + tsiku. Mwana wakhoza bwino masamu a MSCE amaona chizindikirocho ngati "n'zofanana", ndipo akudziwa kuti chinthu sichingafanane ndi icho chomwe utawonjezerapo 12. Akunena zoona! Muyenera kumuuza momveka kuti apa chizindikirocho chikutanthauza "werengera za kumanja, uike kumanzere". Mphindi khumi zimenezi zikadumphidwa, wanzeru ndi amene amayamba kusokonezeka.

Alufandika (Ngabu):
Achemwali, nanga magetsi akathima labu ili mkati?

Esnart (Chikwawa):
Lumo ndi pepala. Sindikizani pulogalamu ya mizere 8 kapena 10, muidule mzere uliwonse pawokha, muisakanize mu envelopu, muwonjezeremo mizere iwiri yabodza yooneka ngati yolondola. Ntchito ya ana ndi kuyala mizereyo pa desiki mu dongosolo lake, ndi kulowetsa mkati yofunika kulowa. Zimatchedwa Parsons problems, zinachokera ku New Zealand mu 2006. Wosadziwa kutaipa sakhalanso kumbuyo, chifukwa chikuyesedwa ndi maganizo okha.

Mayi Nachuma (Nchalo):
Ndiwonjezere za kukhala awiriawiri pa kompyuta imodzi. Ife timakuona ngati umphawi, koma ku mayunivesite a ku America a North Carolina State ndi UC Santa Cruz anakuchita dala, napeza kuti ophunzira ambiri amapitiriza kosi. Kuli ndi malamulo ake. Mmodzi agwira kiyibodi, winayo akuwerenga ndi kulondolera, ndipo salola dzanja lake kufika pa mouse. Mphindi 15 zikakwana belu lilire, asinthane. Muziphatikiza a mphamvu zofanana. Mukaika dolo ndi woyamba kumene, dolo amalanda kiyibodi, mnzake amasanduka mlonda. Asinthe mnzawo milungu itatu iliyonse. Ndipo mayeso a mu labu aliyense alembe yekha, apo ayi wina adzafika chaka chachitatu atabelekedwa kumbuyo.

Pa lekicha ya anthu 150 gwiritsani njira ya Eric Mazur wa ku Harvard. Funso limodzi pa bolodi, mayankho anayi, aliyense akweze khadi ya A, B, C kapena D. Akagawikana, akambirane ndi oyandikana nawo mphindi ziwiri, avotenso. Ku UC San Diego anaiyesa pa makosi a kompyuta ndipo olephera anachepa ndi pafupifupi theka. Mtengo wake ndi pepala limodzi pa mwana. Chovuta ndi kupeka mayankho olakwika abwino, oti lililonse likhale cholakwa chenicheni chimene ana amachita, monga kuiwala kuti list imayambira pa 0.

Bambo Thomu (Bangula):
Za makadi ndi za lumo ndavomera. Za masamu simunandiyankhe.

Zuze (Nsanje):
Ndikuyankheni ine, bambo. Masamu akhale, koma ati, ndipo liti? Amene wolemba mapulogalamu amawafuna chaka choyamba ndi logic, ma set, kuwerengera njira, ndi induction, ndiwo discrete mathematics. Koma kawirikawiri chimene chimamudikira pakhomo ndi Calculus, Physics ndi Chemistry za onse a sayansi, kompyuta n'kukhala kosi imodzi mwa zisanu ndi imodzi. Mwana anabwerera kompyuta amachotsedwa ndi Chemistry asanalembe pulogalamu yopitirira tsamba limodzi. Bweretsani discrete mathematics semesita yoyamba, ndipo aphunzitsi ake azikambirana ndi a programming: sabata imene uku akuphunzira truth table, uko akhale pa and, or ndi not. Calculus ndi linear algebra zibwere pafupi ndi makosi amene amazigwiritsa ntchito. Palibe chachotsedwa.

Koma ine mtima wanga uli pa miyezi ija mwana amangokhala pakhomo atalemba MSCE, kudikira kusankhidwa ndi kutsegulira. Milungu inayi yokha pa sekondale ya boma ku Ngabu, ku Bangula kapena pa Nsanje boma ingasinthe zambiri. Sabata yoyamba kutaipa basi, ola limodzi m'mawa ndi lina madzulo, mpaka afike mawu 20 pa mphindi, pamodzi ndi mafayilo ndi mafoda. Yachiwiri spreadsheet ndi imelo. Ziwiri zotsalazo kuwerenga Python monga a Esnart afotokozera, pa Thonny, pulogalamu yolemberamo Python imene imaonetsa khodi ikuyenda sitepe ndi sitepe.

Labu yake isakhale ya ma desktop. Desktop ndi sikirini yake imadya pafupifupi mawati 150, ndiye 30 ndi 4,500. Kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi 4 ndi sikirini yaing'ono sizipitirira kwenikweni mawati 25, ndiye 30 ndi 750, tiike 800 ndi seva ndi switch. Maola anayi ndi 3.2 kWh, zimene batire imodzi ya lithium ya 5 kWh imakwanitsa. Tonse tikukumbuka kuti namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022 dziko linataya pafupifupi ma megawati 130 kwa chaka chathunthu ndi miyezi. Labu yodalira magetsi a pa waya okha ndi yoyembekezera mwayi. Mabatire a asidi apeweni kuno. Amafuna kutentha kwa madigiri 25, ndipo madigiri 10 alionse owonjezera amadula moyo wake ndi theka. Ngabu mu October mukumudziwa. Pi nayo ikafika madigiri 80 imadzichepetsa liwiro yokha, choncho gulani ya heatsink ndi kafani, ndipo muzipukuta fumbi.

Intaneti musaidalire. Seva imodzi m'chipindamo ikhale ndi Moodle ya manotsi, Gitea yosungira khodi, Kiwix ya Wikipedia, ndi ma package a Python otsitsiratu. Labu yambiri imafa ndi ana 30 onse kulemba pip install, lamulo lotsitsira ma package, nthawi imodzi pa bandulo imodzi.

Esnart (Chikwawa):
Wopanda laputopu koma ali ndi foni ya Android aike app yolemberamo Python monga Pydroid 3 kapena Termux, agule kachingwe ka OTG ndi kiyibodi wamba ya USB. Sizokoma koma ntchito za semesita yoyamba zonse zimatheka. Aphunzitsi azipereka ntchito podziwa zimenezi, asamafune pulogalamu yolemberamo khodi (IDE) yolemera ma gigabyte angapo. Ndalama ya ngongole ikafika mwana amayamba ndi lendi ndi ufa, laputopu imabwera pambuyo kapena osabwera.

Alufandika (Ngabu):
Takhuta, a Zuze. Tsono ine ndilowe pa ntchito zimene timawapatsa. Kalikuleta, manambala a Fibonacci, library management system, chaka ndi chaka. Mwana amene kwawo madzi analowa m'nyumba mu 2015, mu 2019, komanso ndi Freddy mu March 2023, mukumuuza kuti kompyuta ntchito yake ndi kuwerengera mabuku obwerekedwa? Ku Georgia Tech, Mark Guzdial anayamba mu 2003 kuphunzitsa loop yomweyo posintha zithunzi ndi mawu, ndipo olephera anachepa. Mfundo yake ndi yakuti chitsanzo chikhale cha chinthu chimene mwana amachisamala.

Ntchito imodzi ingathe kuyenda zaka zitatu: choyezera madzi a mtsinje, monga Ruo pamene ikukumana ndi Shire ku Chiromo. Chaka choyamba angowerenga fayilo ya manambala, apeze tsiku limene madzi anakwera kwambiri, ajambule graph. Chachiwiri amange chipangizocho mu C, ndiye Bambo Thomu asangalale: ESP32, sensa ya JSN-SR04T yosalowa madzi yoloza pansi kuchokera pa mlatho, SIM800L yotumiza SMS, batire ya 18650 ndi kasola kakang'ono. Chachitatu database, mapu pa QGIS, ndi USSD ya anthu a mafoni a mabatani.

Phunziro lenileni lili pa zimene zimalakwika. Sensa imayeza nthawi imene phokoso latenga kupita ndi kubwerera, ndipo khodi yokopera pa intaneti imaika liwiro la phokoso pa mamita 343 pa sekondi, limene ndi la madigiri 20. Pa madigiri 42 liwirolo ndi pafupifupi 357. Pa mtunda wa mamita atatu chipangizo chidzanena kuti madzi akwera masentimita 12 masana alionse, usiku n'kutsikanso, mtsinje usanasunthe. Mankhwala ake ndi kasensa ka kutentha ka DS18B20 ndi mzere umodzi wa masamu. Namasupuni akamadutsa pansi pake amapereka nambala zabodza, ndiye muyeze kasanu ndi kawiri mutenge yapakati, osati avareji. Apo mwana waona yekha chifukwa chake sorting imaphunzitsidwa. SIM800L ikamatumiza imakoka mpaka ma amp awiri mwadzidzidzi. Mukaidyetsa kuchokera pa pini ya ESP32 imangozima n'kuyambiranso. Ipatseni mphamvu molunjika kuchokera ku batire, pakati pa ma volt 3.4 ndi 4.4, ndi capacitor ya 1000 µF pafupi nayo.

Kanthu kena kokoma: SMS imanyamula zilembo 160, koma mukalembamo ŵ mmodzi yekha uthenga wonse umasinthira ku njira ina yosungira zilembo yotchedwa UCS-2 ndipo malire amatsika kufika 70. Chenjezo limodzi lasanduka ma SMS atatu, mtengo katatu. Phunziro la character encoding limenelo palibe adzaliiwale. Ndipo uthengawo ukhalenso m'Chisena, apo ayi agogo a ku East Bank adikira mdzukulu abwere kudzawamasulira.

Bambo Thomu (Bangula):
Imeneyo ndiye ntchito. Onjezanipo kagawidwe ka madzi pa ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira, ndi kaundula wa alimi a nzimbe monga a ku Phata ndi Kasinthula: munda uti, matani angati, malipiro angati. Normalisation, kukonza database kuti chinthu chimodzi chisalembedwe kawiri, imamveka msanga mlimi mmodzi akalembedwa maina atatu osiyana. Koma chenjezo: chipangizo cha ana a sukulu chisalengezedwe ngati chenjezo la boma. Zimenezo ndi za DoDMA ndi a zanyengo. Chikalira mabodza kawiri, anthu sadzathawanso ngakhale chenicheni chitalira.

Funso langa lina: masiku ano mwana amangofunsa ChatGPT, khodi yonseyo n'kutuluka. Mudziwa bwanji kuti waphunzira?

Mayi Nachuma (Nchalo):
Mphindi zisanu pamaso. Akapereka ntchito, akhale pa kompyuta ndi womuyesa, afotokoze mizere itatu imene womuyesayo wasankha, kenako asinthe kanthu kakang'ono pomwepo, monga kuwerengera masiku opanda mvula m'malo mwa a mvula. Wolemba yekha amatha mu mphindi ziwiri. Ana 150 pa mphindi zisanu ndi maola 12 ndi theka, ndiye pamafunika ophunzira a chaka chachitatu ndi chachinayi asanu kapena asanu ndi mmodzi, olipidwa kangachepe ndi kuphunzitsidwa kuti asamagwire kiyibodi ya mwana pomuthandiza.

Omwewo ndi amene angagwire ogwa msanga. Kamayeso kakang'ono sabata yachitatu, kena yachisanu. Wolephera koyamba kapena wojomba labu kawiri motsatizana aitanidwe sabata yomweyo, pamaso, osati pa notisi bolodi. Tikadikira mayeso a pakati pa semesita, njerwa zinayi zapita kale. Mwana wa kumudzi sabwera yekha ku ofesi ya lekichara, anakula akudziwa kuti wamkulu sumuvutitsa.

Za atsikana, yunivesite ya Carnegie Mellon ku America inachoka pa 7 mwa 100 olowa computer science mu 1995 kufika 42 mu 2000, ndipo chimodzi mwa zimene anasintha ndi kusiya kuyang'ana ngati wofunsira malo analembapo mapulogalamu. Kwa ife zing'onozing'ono ndi zimene zimapweteka. Pa gulu la anayi, mtsikana mmodzi yekha amapatsidwa kulemba lipoti anyamata akulemba khodi. Ikani awiri pa gulu kapena osaikapo, ndipo maudindo azizungulira, Git, yosunga mbiri ya khodi, ionetse amene walemba chiyani. Labu imene imapezeka yopanda anthu usiku wokha ndi yotsekedwa kwa mtsikana wochita lendi kunja kwa mpanda. Pakhale maola a masana osungidwira a chaka choyamba.

Esnart (Chikwawa):
Tisaiwale kuti ena amathawa chifukwa sanadziwe chimene akusankha. Pa fomu ya NCHE mwana akuona Computer Science, Information Systems, Information Technology, Computer Engineering, ndipo kwa iye zonsezi ndi "za kompyuta". Wofuna za mabizinesi ndi ma database wapezeka pa ma circuit. Chaka choyamba chikhale chofanana m'mapulogalamu onsewa kuti athe kusamuka osataya chaka. Ndipo amene ndalama zamuthera atatha zaka ziwiri atuluke ndi dipuloma, khomo lobwerera lili lotsegula.

Kukopa ana kuyambe pamene akusankha maphunziro olowera Fomu 3. Wosiya Physics kapena kutaya mtima pa masamu pamenepo wadzitsekera kale. Masewera a CS Unplugged a Tim Bell wa ku New Zealand safuna magetsi: makadi asanu a madontho 1, 2, 4, 8 ndi 16, ana asanu kutsogolo, kalasi yonse ikuwerenga mu binary pansi pa mtengo wa msawu.

Zuze (Nsanje):
Tisiyanitse zotheka mawa ndi zofuna misonkhano. Kusuntha Calculus, dipuloma ya pakati, chaka choyamba chofanana, zimenezo zidutsa ku dipatimenti, ku Senate, mwinanso ku NCHE, ndipo zitenga zaka. Makadi, lumo, awiriawiri, mafunso a pamaso ndi zitsanzo za mtsinje lekichara angayambe semesita ikubwerayi osapempha munthu. Vuto ndi lakuti kosi ya chaka choyamba kawirikawiri imaponyeredwa kwa wongolembedwa kumene, akuluakulu n'kutenga a chaka chachinayi okwana makumi awiri.

Bambo Thomu (Bangula):
Apo mwalasa. Pa Python ndidakali ndi chikaiko, koma ngati C ibwera semesita yachitatu ndi ESP32 m'manja, osati kungoidumpha, ndingasaine. A Alufandika, sensa ija musaimangirire pafupi kwambiri ndi madzi. JSN-SR04T siona chinthu chimene chili mkati mwa masentimita 20 kapena 25, ndiye tsiku limene Ruo wadzaza zenizeni ndi limene idzakupatseni nambala zopanda mutu. Siyani mpata wa theka la mita pamwamba pa chizindikiro cha madzi a Freddy.